Ulimbo wa Mkamwini

LOLEMBA

Kope ili linali la mdzukulu wanga amene anasiya sukulu n'kupita ku Limbe. Masamba otsala ndi khumi ndi anayi. Akwana. Ndikulemba kuti pasadzapezeke munthu wonena kuti ulimbo wa pakhomo pano unamera wokha. Ndabzala ndine, lero, ndi manja anga.

Aliyense amene angatole kope ili adziwe: muno mulibe nkhani za boma. Boma lili bwino. Muno muli nkhani za mbalame ndi za alamu anga a Fabiyano.

Mapira anga akucha. Mpheta zadziwa. Zikufika m'mawa ngati anthu a pamaliro, osaitanidwa, zambirimbiri. Mankhwala ake ndi ulimbo, chomera chija chimamera pamwamba pa mitengo ina, cha maluwa ofiira ngati machesi. Umatafuna zipatso zake mpaka zitanda, n'kupaka pa timitengo, n'kutchera m'munda. Mbalame ikatera, basi, yakhala ndiwo.

Chaka chatha, mwezi ngati uno, ndinakwera mtengo wa kuseri kwa nyumba ya a Fabiyano kukathyola zipatsozo. Iwo ndi mchimwene wa akazi anga a Nasibeko, mwini mbumba wa mudzi uno. Anatuluka n'kufuula, amayi ochokera kumtsinje ali pomwepo ndi ndowa pamutu: "Tsikani, alamu! Tsikani msanga! Mitengo ya eni sakwera osafunsa!"

Ine. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu pamudzi pano. Ndabereka ana asanu ndi awiri. Ndakumba nawo manda a makolo awo. Koma ndikadali mkamwini wofunsa ndisanakwere mtengo!

Chichokereni tsiku limenelo sindidutsa njira ya kwawo. Kupita kutchalitchi ndimazungulira kunjanji. N'kutali, koma mtima umayenda bwino.

Choncho ndaganiza:
1. Ndikhale ndi ulimbo wanga pakhomo.
2. Ndisapemphenso kwa munthu.
3. A Fabiyano akadzafuna, adzafunse. Ndidzayamba ndaganiza kaye.

Mtengo wina wokhala ndi ulimbo uli kumanda. Nthambi imodzi yatulukira kunjira. Mapazi anga anali kunja, onse awiri. Dzanja lokha ndi limene linalowa pang'ono. Zipatso makumi awiri ndi zitatu, m'thumba la jekete.

Mphika wobooka, dothi la pachulu, ndowe za mbuzi, madzi chikho chimodzi. Ndabzala khumi ndi ziwiri. Zina ndasunga.

A Nasibeko akuti: "Mukubzala chiyani, bambo?" Ndati adzaona.

LACHIWIRI

Sizinamere. Ndikudziwa kuti ndi tsiku limodzi lokha. Ndangoyang'ana basi.

Ndathirira. Ndasuntha mphika kupita pamthunzi. Kenaka ndakumbukira kuti ulimbo umakhala pamwamba pomwe pali dzuwa, ndaubwezera padzuwa. Kenaka ndauika pamwamba pa khola la mbuzi kuti uzolowere kutalika.

Mbuzi yakwera.

Ndatolera dothi. Zipatso ndapeza zisanu ndi zinayi. Zitatu zili m'mimba mwa mbuzi kapena pansi pa phazi langa, sindikudziwa. Mphika tsopano ndi mapale awiri. Ndabzalanso m'phale lalikululo.

Kumunda kuyambira dzuwa lili apa mpaka apo. Kuimba chitini. Kuponya zibuma. Kufuula mpaka kukhosi kuuma. Mpheta zikunyamuka kumtunda n'kukatera kumunsi. Ndikafika kumunsi, zabwerera. Maondo anga si a chaka chatha. Ngala za mzere wa kudambo zatha kale, kwatsala mankhusu okhaokha, oyera ngati mutu wanga.

Ndili kumundako ndakhala ndikukonza mawu amene ndidzayankhe a Fabiyano akadzabwera kudzapempha. Ndapeza atatu abwino. Opambana ndi awa: "Mitengo ya eni, alamu, mwaiwala?" Ndayeserera mokweza. Mpheta sizinathawe.

Vuto lina. Zipatso zosunga zija ndinaziiwala m'thumba la jekete, ndipo dzulo ndinatsamira jeketelo pogona masana. Zaphwanyika. M'thumba lomwelo ndi momwe mumakhala khadi la chipani.

Khadi lamatirira kunsalu. Gwa! Ndayesa kukoka pangodya, layamba kung'ambika. Ndasiya msangamsanga. Munthu ung'ambe khadi ndiye ukafotokoze kuti unali ulimbo? Ndani angamve?

Chabwino chimodzi: ulimbo wake ndi weniweni. Ukugwira.

A Nasibeko akuti: "Jekete limeneli ine sindichapa." Sindinawapemphe.

Masamba awiri a kope lino amatirirana. Otsala ndi khumi.

LACHITATU

Msika wa pa Utale. Ndapita kukagula mchere, komanso kukaonana ndi Che Bwanali, mnzanga wogulitsa mbalame zootcha pasiteshoni. Za misampha palibe wowaposa.

Pakhomo la msika, anyamata a chipani awiri ndi chingwe chawo. "Khadi, madala."

Ndati lilipo koma silituluka.

"Silituluka bwanji?"

Ndatsegula jekete. Asuzumira m'thumba mmodzimmodzi ngati akuona mwana wobadwa kumene. Wamkuluyo wayesa kukoka, chala chake chatsalira momwemo. Anthu aima kuonerera. Potsiriza akuti: "Pitani, madala. Ena amaliiwala kunyumba, inu mwachita kulimata pamtima." Wandiombera m'manja, manja ake amatirirana. Ndadutsa mwachangu.

Che Bwanali ndawafotokozera zonse, za phale, za dothi la pachulu, za ndowe. Aseka mpaka kofia kugwa. Aitana mnzawo wogulitsa fodya kuti amve nawo, n'kumumasulira m'Chiyao, nayenso waseka. Ine ndili chiimire ndi mchere m'manja.

Akuti: "Achimwene, ulimbo munauonapo uli pansi? Umenewo suponda dothi. Ndi wa pamsana pa anzake."

Malamulo ake, monga andiuzira:
Kambalame kena kakang'ono kamameza chipatso.
Njere imatuluka ikadali yonanda.
Kambalameko kamaipukutira panthambi ya mtengo wamoyo.
Njere imamata pomwepo, n'kuboola khungwa, n'kuyamba kumwa madzi a mtengowo.
Nthambi ikhale yanthete, yoona dzuwa.

Ndafunsa kuti zipatso zimayamba liti. Akuti: "Zaka zitatu, zinayi, Mulungu akalola." Kenaka andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kubwereza: "Akalola."

Zaka zinayi! Mapira atsala ndi masabata awiri.

Pobwerera ndaganiza njira yonse. Kuti ndikhale ndi ulimbo ndikufunika mbalame. Kuti ndigwire mbalame ndikufunika ulimbo. Kusukulu ya mishoni ndinalekera Sitandade 3, samu yotere sitinafikepo.

Koma kubwerera m'mbuyo iyayi. Nkhaniyi tsopano si ya mapira okha.

Phale ndataya kudzala. A Nasibeko akuti: "Mwakolola kale?"

LACHINAYI

Ndadzuka ndi nzeru. Nkhuku nayo ndi mbalame.

Zofunika:
Zipatso zatsopano.
Nkhuku imodzi.
Luzi.
Mtengo wamoyo.

Mtengo ulipo, wa mango, pabwalo penipeni. Ndinabzala ndine chaka chimene anabadwa mwana wathu woyamba. Koma akautchula amati mango a Nasibeko, chifukwa dothi ndi la kwawo, ndipo ndi iwo amene amanyamula madengu kukagulitsa sitima ikaima. Chabwino. Mtengo ukhale wawo. Ulimbo wa pamwamba pake udzakhala wanga, poti sukhudza dothi la munthu.

Kumanda kachiwiri. Zipatso za kufupi ndinamaliza Lolemba, ndiye lero phazi limodzi lalowa. Limodzi. Ndikutembenuka, amayi atatu ndi mitolo ya nkhuni. Ndawapatsa moni. Mmodzi waponya mtolo pansi n'kuyamba kuyenda mofulumira.

Nkhuku ndathamangitsa zinayi. Yogwidwa ndi imodzi, thadzi lakuda lokalamba. Sindinasankhe mtundu. Ndi lokhalo limene liwiro lake likufanana ndi langa.

Kudya lakana. Chimanga limadya, mphemvu limadya, ngakhale sopo linadyapo, koma zipatso zanga iyayi. Ndalikanula kukamwa n'kulowetsa zisanu. Landiyang'ana ngati a Fabiyano.

Ndakwera nalo mumtengo, ndalimangirira mwendo panthambi ya kum'mawa. Ine pansi, pampando, kudikira kuti lichite mbali yake.

Ola lathunthu. Kumunda kulibe munthu, mpheta zili pa ukwati.

Lachita! Koma nkhuku sidziwa kupukutira panthambi. Yangotembenuka n'kugwetsa pansi. Pansipo panali chipewa changa. Chipewacho chinali kumutu.

Ndafufuza ndi kamtengo. Njere mulibe. Chigayo cha m'mimba mwake chapera zonse.

Ndikufufuza choncho, thadzi laterereka n'kulendewera ndi mwendo umodzi, mutu pansi, mapiko phapha, kulira kofika kutsidya. Anthu a nyumba zoyandikana atuluka. Zimene aona ndi izi: nkhuku yakuda ikulendewera mumtengo, mkulu amene m'mawa anali kumanda ali pansi pake akutakasa zitosi m'chipewa.

Ndikalemba chonchi ndikuona ndekha kuti sizikuoneka bwino. Koma panthawiyo chilichonse chinali ndi chifukwa chake.

A Nasibeko abwera kuchokera kokonzekera magule a chipani, nsalu ili m'chiuno. Amasula thadzi. Kenaka: "Bambo, ngati mwatopa nane, ingonenani. Kwanu ku Nsamala njira ilipo."

Madzulo ano palibe mwana wa mnansi amene wabwera kudzasewera pabwalo. Bata labwino, komabe.

LACHISANU

Nkhuku yalephera. Mbalame ndikhala ndine.

Nzeru yake ndi yapafupi. Kutafuna chipatso pang'ono, kulavula khungu, njere yonandayo kuipukutira panthambi. Kambalame kopanda sukulu kamatha. Ine ndinafika Sitandade 3.

Ndakwera dzuwa litangotuluka, zipatso khumi ndi zinayi m'kachitini, osati m'thumba. Ndaphunzira. Nthambi yanthete ili kunsonga, ndiye ndakwawa chamimba. Manja onse awiri agwira ntchito yogwira, ndiye kupukutira ndikuchita ndi pakamwa, monga mwini ntchitoyo amachitira.

Yoyamba yamata. Yachiwiri yamata. Zokongola, zili ndandanda ngati mabatani! Mtima wanga unadzaza, mwakuti ndinayamba kuimba ka Chilatini kamene ndinkayankha pa Misa ndili mnyamata, kuti mbewu zidalitsike. Mawu ena ndinaiwala, ndinangodzaza ndi anga. Pansi wina anafuula: "Ayamba kulankhula nazo!"

Pa njere yachisanu ndi chinayi ndinagoneka chibwano panthambi kuti ndipume.

Ndevu.

Ndevu zanga zonse, kuyambira pansi pa mlomo mpaka kukhosi. Ndikadzutsa mutu, misozi. Ndikasiya dzanja limodzi kuti ndimasule, thupi likupendekeka. Ndakhala choncho, tsaya pakhungwa, ndikuona nyerere zikudutsa pamphuno panga. Patali ndikuona munda wanga, ndi mtambo wa mpheta ukutsika mwaulemu.

Anthu pansi: khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinawerenga, nthawi inalipo. Palibe wofuna kukhudza mtengo.

Zimene ndamva ndili m'mwamba:
"Zawagwira zomwe anakatenga kumanda."
"Mango amenewa ine chaka chino sindidya."
"Anali munthu wabwinobwino, koma kusayankhula kuja."
"Itanani abambo mfumu a kumishoni."
"Iyayi, itanani a Fabiyano."

Ndinafuna kukuwa kuti aitane wina aliyense koma ameneyo. Pakamwa panali pomata.

Abwera ndi makwerero ndi lezala. Akwera okha, munthu wamkulu ngati ine, akupuma ngati ng'ombe. Nkhope yawo apa, yanga apa. Chaka chathunthu sitinayang'anane. Andimeta mosamala, dzanja lina atandigwira pamsana. Atamaliza akuti: "Tsikanitu, alamu."

Mawu omwe aja! Koma ndatsika. Ndikanatani?

Theka la ndevu latsala mumtengo. A Nasibeko ameta zotsalazo kuti mbali zifanane. Akuti ndikuoneka ngati tsiku limene ndinabwera kudzafunsira mbeta, kungoti nthawi imeneyo ndinali ndi nzeru.

Mawa kuli bwalo la pabanja. Njere zisanu ndi zinayi zikadali panthambi. Zimenezo palibe wazichotsa.

LOWERUKA

Bwalo pakhonde pathu. Mphasa zitatu. A Fabiyano pampando wanga.

Tisanayambe, atulukira a tcheyamani a nthambi ya chipani, akuti amva kuti pali msonkhano wopanda chilolezo. Auzidwa kuti ndi nkhani ya nkhuku ndi ndevu. Akhala pansi, akuti amvere nawo kuti atsimikize. Sanachokenso.

Milandu yanga:
1. Kulowa kumanda popanda eni. Ndati phazi limodzi. Akuti phazi ndi munthu.
2. Kupachika nkhuku yakuda.
3. Kulankhula chinenero chosadziwika mumtengo.
4. Kuipitsa mbiri ya mango. A Nasibeko akuti amayi a kusiteshoni amva kale, ndipo ndani adzagula mango otafunidwa ndi mfiti?

Za ufiti zatha msanga. Che Bwanali anabwera pa njinga n'kufotokoza za kambalame. Akuti: "Walahi, mfiti imakhala yochenjera. Awa ndi munthu chabe." Anthu aseka, mlandu wagwa. Sindikudziwa ngati ndithokoze.

Kenaka andifunsa chifukwa chimene ndachitira zonsezi. Ndaimirira. Ndanena zonse zimene ndasunga chaka chathunthu: za mtengo wa kuseri kwawo, za kufuula, za amayi a ndowa pamutu, za zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndalankhula bwino. Mawu ananjenjemera pamalo oyenera.

A Fabiyano akwinya nkhope. Akuti: "Liti limenelo?"

Liti!

Akumbutsidwa ndi akazi awo. Ndiye akuti: "Ooo, tsiku lija! Alamu, mtengo uja unali utafumbwa m'kati. Ulimbo womwewo unauyamwa mpaka kuuma. Mukanafunsa ndikanakuuzani kuti nthambi imeneyo sinyamula munthu. Unagwa wokha ndi mvula yoyamba, unaphwanya nkhokwe yanga. Tinawotha kalekale. Simunaone?"

Sindinaone. Ndimazungulira kunjanji.

Akuti iwo ankayesa ndasiya kudutsa kwawo chifukwa cha galu wawo.

Ndakhala pansi. Mawu anga atatu aja, okonzeka bwino, ndabwerera nawo osagwiritsa ntchito ngakhale limodzi.

A Nasibeko atangomva kuti ulimbo umaumitsa mtengo, aimirira ndi chikwanje. Sanadikire chigamulo. Nthambi ya kum'mawa yagwa pabwalo, njere zanga zisanu ndi zinayi zili ndandanda, ndevu zili pambali pake. Mlamu wina wamkazi akuti: "Chomera chofika pamtengo wa eni, kudya za eni, osachokanso. Nchifukwa chake amachikonda, ndi mkamwini mnzawo." Aseka onse, ndi a tcheyamani omwe. Ine ndayang'ana nyerere.

Chigamulo: nkhuku imodzi kwa akulu oyang'anira manda. Ndati chabwino. Kenaka kwapezeka kuti pakhomo pano ndilibe nkhuku. Zonse ndi za a Nasibeko. Apereka thadzi lakuda lija, akuti ndi kale lomwe lazolowera mavuto.

A tcheyamani potseka akuti msonkhano unali wa chitukuko, ndipo tonse tilimbikire ulimi, koma wa pansi.

LAMULUNGU

Kutchalitchi ndadzera njira yachidule. Ndi yaifupi zedi, ndinaiwala. Ndafika Misa isanayambe, koyamba chaka chino, mpaka ndasowa chochita. Kuseri kwa a Fabiyano kulidi chitsa chokha, chakuda, nkhuku zikusambira fumbi pambali pake. Ndaima pang'ono. Chaka chathunthu ndakwiyira chitsa.

M'tchalitchi benchi langa linali ndi malo ambiri. Anthu akudziwa kuti si ufiti, koma akuti kusamala sikulakwa. Kuchibwano kukuzizira.

Masana kumunda. Palibe chodikiranso, tadula mapira otsala ngakhale ena sanaume bwino, akaumira padenga. Chaka chabwino timatuta madengu khumi. Lero atatu, ndi kena ka pansi pa dengu kamene a Nasibeko akuti ndisawerengere. Akuti a mowa palibe chaka chino, awa ndi a phala.

Tili pakati pa ntchito, a Fabiyano atulukira ndi mpeni wawo, osaitanidwa. Adula nafe mizere inayi. Akudula akucheza, za thonje, za msana wawo, za nkhokwe ija. Afunsa ngati chibwano chikupweteka. Abweretsanso fodya wabwino, wa ku Nselema. Ndinafuna kukana. Ndasuta.

Akuti mphukira za ulimbo aziona pamtengo wina kudambo, ndipo zikadzabereka tidzapite limodzi, iwo azidzagwira makwerero. Ndati ndamva.

Ndafufuza m'mtima monse kuti ndipeze pomwe ndingawakwiyirenso. Ndayesa za mpando wanga umene anakhalira dzulo. Sizikugwira, anaubweza okha n'kuupukuta. Ndayesa za lezala, kuti inali yobuntha. Inali yakuthwa.

Zimene ndatsala nazo sabata ino:
Madengu atatu.
Chibwano chosalala.
Mlamu wondikonda.

Chachitatuchi ndiye cholemera. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndikudziwa chochita: kusukusula, kukhala pakhonde, kukumbukira zimene anandichita. Zinkandifikitsa mpaka nthawi ya phala. Pa zonse zimene ndabzala pamudzi pano, mkwiyo umenewu ndi wokhawo umene unali wangawanga, ndipo unkakula bwino popanda kuthirira. Nawonso andizulira, pamaso pa anthu, mwachikondi.

A Fabiyano akuti mawa abwera kudzathandiza kupuntha mapira. Abwera ndi akazi awo. A Nasibeko akuti ndidzuke msanga, ndisese pabwalo, ndipo ndiwalandire ndi nkhope yabwino.

Ndayeserera pagalasi. Ikupweteka.